John Witherspoon, Mbusa Amene Anasaina Kalata ya Ufulu

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic kuli dziko lochedwa United States of America. Kale dziko limeneli silinali limodzi ai. Linali maiko ang'onoang'ono 13 ondandama m'mbali mwa nyanja, ndipo onsewo anali pansi pa mfumu ya ku Britain. M'caka ca 1776 akuluakulu a maiko amenewa anasonkhana m'mzinda wa Philadelphia, nalemba kalata youza mitundu yonse ya anthu kuti iwo aleka kumvera mfumuyo, ndi kuti kuyambira pomwepo adzadzilamulira okha. Amuna 56 analemba maina ao pansi pa kalatayo. Ambiri a iwo anali odziwa malamulo, ena amalonda, ena eni minda yaikulu, ena madokotala. Mmodzi yekha ndiye anali mbusa wogwira nchito ya mpingo, dzina lace John Witherspoon. Pophunzira za moyo wace tidzaona umo cikhulupiriro ca Cikristu cinalowera m'mlandu waukulu uja, ndi umo Akristu okhaokha anasiyanirana maganizo pa mlanduwo.

UBWANA WACE KU SCOTLAND

John Witherspoon anabadwa m'caka ca 1723 m'mudzi wa Gifford, kum'mawa kwa mzinda wa Edinburgh, m'dziko la Scotland. Atate ace, a James Witherspoon, anali mbusa wa mpingo wa pamalopo. Mwanayo anayamba sukulu ku Haddington, kumene anaphunzira Cilatini, ndipo popeza anali wocangamuka mutu, analowa sukulu yaikulu ya ku Edinburgh ali ndi zaka 13 zokha. M'caka ca 1739 anatsiriza maphunziro oyamba, nayamba kuphunzira za ubusa. Pofika caka ca 1745 anaikidwa kukhala mbusa wa mpingo wa ku Beith, ali mnyamata wa zaka 22.

Kuti timvetse mtima wa munthuyu, tiyenera kudziwa za mpingo umene unamlera. Mpingo wa ku Scotland uchedwa wa Presbyterian, ndipo dzinali licokera ku liu la Cigriki lotanthauza mkulu. Mulibe mabishopu m'mpingo umenewu. Mbusa aweruza nkhani pamodzi ndi akulu a mpingo, ndipo nkhani zazikulu zipita ku misonkhano kumene abusa ndi akulu akhala pansi pamodzi napangana. Makolo a anthu a ku Scotland anasauka kwambiri cifukwa ca mwambo umenewu. Pamene mfumu Charles I inafuna kuwakakamiza kupembedza monga mwa buku la mapemphero limene iwo sanalifune, anthu ambirimbiri anasaina pangano lokana m'caka ca 1638. Pa zaka za pambuyo pace ena anaphedwa, ena anaponyedwa m'ndende, ena anali kupemphera mobisala kumapiri. Kotero mwana wa ku Scotland anali kukula akudziwa kuti mfumu iri ndi mphamvu zace, koma kuti mphamvuzo ziri ndi malire, pakuti Mulungu ali pamwamba pa mafumu onse.

MBUSA WA KU BEITH NDI PAISLEY

Caka cimene Witherspoon anayamba ubusa cinali caka ca nkhondo. Charles Edward Stuart anafika ku Scotland kudzalanda ufumu umene agogo ace anacotsedwapo. Mbusa wa ku Beith anaima ku mbali ya mfumu George II, nathandiza kusonkhanitsa amuna oti akamenyere mfumuyo nkhondo. M'mwezi wa January 1746, pa nkhondo ya ku Falkirk, adani anamgwira namtsekera m'linga la Doune, koma sanakhalemo nthawi yaitali. Kumbukirani cimeneci, pakuti munthu yemweyo amene anagona m'ndende cifukwa ca George II, patapita zaka 30 anakana ulamuliro wa mdzukulu wace, George III.

M'caka ca 1748 anakwatira Elizabeth Montgomery. Anabala ana khumi, koma asanu okha ndiwo anakula. Enawo anamwalira ali ang'ono, monga kunali kucitika m'mabanja ambiri masiku amenewo. M'caka ca 1757 anasamukira ku mpingo wa ku Paisley, mzinda wa anthu oomba nsalu, pafupi ndi Glasgow.

Nthawi imeneyo m'mpingo munali mkangano waukulu. Lamulo la m'caka ca 1712 linapatsa eni malo olemera mphamvu yosankha mbusa wa mpingo wa pa malo ao, ngakhale Akristu eni ace asamfune. Abusa ena anabvomereza lamuloli. Witherspoon anali mmodzi wa atsogoleri a gulu lokana, lonena kuti nkhosa ziyenera kukhala ndi mau pa kusankha mbusa wao. M'caka ca 1753 analemba buku lochedwa Ecclesiastical Characteristics, m'mene ananyodola abusa okonda kukondweretsa anthu olemera koposa kulalikira Uthenga Wabwino. Anthu ambiri analiwerenga naseka, koma abusa amene anadziona m'menemo anakwiya naye kwambiri. Mlandu wa kusankha abusa sunathe msanga. M'caka ca 1843 unang'amba mpingowo pakati, ndipo amene anaturuka anachedwa Free Church of Scotland. Iwowa ndiwo anatuma amishoni a Livingstonia ku nyanja ya Malawi m'caka ca 1875, ndipo mishoni yomweyo pambuyo pace inatsegula Mwenzo ndi Lubwa m'dziko lathu lino.

ULENDO WA KU AMERICA

M'dziko la New Jersey, limodzi la maiko 13 aja, munali sukulu yaikulu yochedwa College of New Jersey, imene inayamba m'caka ca 1746, nisamukira ku mudzi wa Princeton m'caka ca 1756. Lero ichedwa Princeton University. Sukuluyi inali pa mabvuto, pakuti akulu ace asanu anamwalira motsatana pa zaka 20 zokha, ndalama zinali zocepa, ndipo mpingo umene unali kuicirikiza unali ndi magulu awiri osamvana. Eni sukulu anaganiza kuti munthu wocokera kutali, wophunzira bwino ndi wolimba mtima, ndiye angathe kuwagwirizanitsa. M'caka ca 1766 anasankha Witherspoon.

Poyamba iye anakana, cifukwa mkazi wace anaopa kuoloka nyanja ndi kusiya abale ace. Koma mnyamata wina wa ku America, Benjamin Rush, amene anali kuphunzira udokotala ku Edinburgh, anapita ku Paisley kukaceza ndi banjalo, nalankhula ndi maiyo mofatsa kufikira mtima wao unakhala pansi. Anakwera combo m'mwezi wa May 1768, nafika ku Philadelphia m'mwezi wa August. Witherspoon anali ndi zaka 45, ndipo anatenga mabuku pafupifupi 300 oti akaike m'sukulu.

Nchito anaigwira ndi manja awiri. Anayenda maulendo atali pa kavalo, kulalikira ndi kupempha ndalama za sukulu. Anaphunzitsa za Mulungu, mbiri yakale, kalankhulidwe kabwino ndi kaweruzidwe ka maiko. Anali kuuza anyamata ace kuti Mulungu anaika mwa munthu ali yense cikumbumtima codziwitsa cabwino ndi coipa; kuti boma liripo cifukwa anthu anapangana kuti liwasunge; ndi kuti popeza mtima wa munthu uli wocimwa, si nzeru kuika mphamvu zonse m'dzanja limodzi, koma mphamvu zigawidwe kuti ina iletse inzace. Mmodzi wa anyamata amene anamva mau amenewa anali James Madison, amene anatsiriza sukulu m'caka ca 1771.

CIYAMBI CA MKANGANO

Tsono tiyeni tione cimene cinautsa mkangano pakati pa Britain ndi maiko ace a ku America. Nkhondo yaikulu ya Britain ndi France inatha m'caka ca 1763, nisiya boma la ku London ndi ngongole yoopsa. Nyumba ya Malamulo ya ku London inaganiza kuti anthu a ku America athandize kulipira. M'caka ca 1765 inaika msonkho pa mapepala a milandu ndi manyuzipepala, ndipo m'caka ca 1767 inaika wina pa tiyi, magalasi, utoto ndi mapepala. Anthu a ku America anadandaula kuti m'Nyumba ya Malamuloyo munalibe munthu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa ndi iwo, ndipo anati kutenga cuma ca munthu popanda mau ace ndiko kumlanda. Koma Nyumbayo inali itanena kale m'caka ca 1766 kuti iri ndi mphamvu yowaikira malamulo pa nkhani iri yonse. M'mwezi wa December 1773 anthu a ku Boston anataya mabokosi a tiyi m'nyanja. Boma linatseka doko lao, ndipo m'mwezi wa April 1775 mfuti zinalira ku Lexington ndi ku Concord.

Apa Akristu anapeza funso lolemera. Kodi nkololeka kwa Mkristu kuukira mfumu? Ambiri anati iai. Anatsegula kalata ya Paulo kwa Aroma, mutu 13, pamene mtumwiyo aphunzitsa za kumvera olamulira, nati woukira mfumu acimwira Mulungu amene anaiika. Abusa ambiri a mpingo wa Anglican, monga Samuel Seabury ndi Charles Inglis a ku New York, anaganiza motero, pakuti analumbira kukhala okhulupirika kwa mfumu pa tsiku la kudzozedwa kwao. John Wesley, woyambitsa Methodist, analemba kabuku m'caka ca 1775 kocenjeza anthu a ku America kuti amvere. A mpingo wa Quaker ambiri anakana kugwira mfuti ku mbali iri yonse, cifukwa anakhulupirira kuti nkhondo yonse ndi yoipa.

Ena anawerenga mutu womwewo namva mosiyana. Kale m'caka ca 1750 mbusa wa ku Boston, Jonathan Mayhew, analalikira kuti Paulo achula wolamulira monga mtumiki woikidwa kucitira anthu zabwino, ndipo wolamulira akasanduka wozunza anthu, wataya yekha udindo umene unamyenereza kumveredwa. Alaliki ambiri a ku New England anakumbutsa anthu za Aisrayeli pansi pa Farao. Panalinso mantha akuti boma likhoza kutumiza mabishopu okhala ndi mphamvu ya boma, ndipo anthu amene makolo ao anaoloka nyanja kuthawa mphamvu yotereyo sanafune kuionanso. Taonani, mbali zonse ziwiri zinali ndi Buku Lopatulika limodzi m'manja, ndipo mbali zonse ziwiri zinali ndi anthu oopa Mulungu.

ULALIKI WA PA 17 MAY 1776

Maiko 13 aja anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, kotero anatuma nthumwi zao ku msonkhano waukulu wochedwa Congress. Msonkhanowo unapatula tsiku la 17 May 1776 kuti likhale la kusala kudya ndi kupemphera. Pa tsikulo Witherspoon analalikira ku Princeton ulaliki umene unachuka koposa maulaliki ace onse. Anatenga mau ace pa Masalmo 76, ndime 10, ndipo mutu wa ulalikiwo unali wakuti Mulungu alamulira ngakhale ukali wa anthu, nauyendetsa kuti ukwaniritse cifuniro cace.

Amene anabwera kudzamva zonyoza Angerezi anadabwa, pakuti iye anayamba ndi macimo a omvera ace. Anati nkhondo ionetsa kuipa kwa mtima wa munthu, ndi kuti cipulumutso ca moyo ciposa ufulu wa dziko. Munthu akhoza kupambana nkhondo nataya moyo wace wosatha. Anawacenjeza kuti asadzitame, ngakhale asilikali a mfumu anali atacoka ku Boston miyezi iwiri yapitayo, koma ayamike Mulungu.

Atatero anawauza kuti aka kanali koyamba kuti iye alowetse nkhani za dziko pa guwa, ndi kuti nthawi inamkakamiza. Ananena poyera kuti mlandu wa America unali wolungama. Koma anakana kutukwana mfumu kapena anthu a ku Britain monga ngati zirombo. Anati cifukwa cokanira ulamuliro wao wopanda malire ndi cakuti iwo ndi anthu, okhala kutali, osadziwa za moyo wa ku America, ndipo monga anthu onse akhoza kukondera phindu lao. Munthu wotere sayenera kupatsidwa mphamvu yonse pa cuma ndi moyo wa mnzace.

Mfundo yace yaikulu inali yakuti ufulu wa m'dziko ndi ufulu wa kupembedza ziyenda pamodzi. Iye anati m'mbiri yonse ya anthu sanapezemo mtundu umene unataya ufulu woyambawo nusunga waciwiriwo wamphumphu. Wolamulira amene angathe kutenga munda wako popanda kukufunsa, mawa angathe kukuuza umo upempherere. Potsiriza anati bwenzi leni leni la ufulu wa America ndi munthu wolimbikitsa cipembedzo coona ndi makhalidwe abwino, cifukwa mtundu wobvunda m'makhalidwe sungasunge ufulu nthawi yaitali. Analangiza asilikali kuti aleke kutukwana, ndi anthu onse kuti agwire nchito mwakhama, asamwaze cuma.

Ulalikiwo unasindikizidwa ku Philadelphia, nuwerengedwa m'maiko onse aja. Unasindikizidwanso ku Glasgow, koma kumeneko anaonjezamo mau omucha woukira ndi wopereka dziko lace. Anthu ambiri a kwao ku Scotland anamuda kuyambira pamenepo.

KU PHILADELPHIA

M'mwezi wa June 1776 anthu a ku New Jersey anacotsa bwanamkubwa wao, William Franklin, amene anakhala wokhulupirika kwa mfumu ngakhale atate ace, Benjamin Franklin, anali mtsogoleri wa ofuna ufulu. Umo ndi m'mene mkanganowo unagawira ngakhale mabanja. Anasankha nthumwi zatsopano zisanu zopita ku Congress, ndipo Witherspoon anali mmodzi wa izo. Anafika ku Philadelphia kumapeto kwa mweziwo, napeza nthumwi ziri mkati mokangana, zina zikuti nthawi yodzipatula siinakwane. Anthu amasimba kuti iye anayankha kuti cipatso capsa kale, ndipo cikapanda kucholedwa cidzaola. Pa 2 July Congress inabvomereza kudzipatula, pa 4 July inabvomereza mau a kalata ija, ndipo pa 2 August nthumwi zambiri zinasaina. Richard Stockton, mnansi wace wa ku Princeton, ndi Benjamin Rush yemwe uja anasainanso. Ali yense anadziwa kuti nkhondo ikawakanika, cilango ca woukira mfumu ndi imfa.

Amene analemba kalatayo poyamba ndi Thomas Jefferson, munthu wokhulupirira kuti kuli Mlengi, koma wosabvomereza ziphunzitso zambiri za mipingo. Kalatayo siichula dzina la Kristu. Koma ichula Mulungu m'malo anai: monga mwini malamulo a cilengedwe, monga Mlengi wopatsa anthu onse ufulu umene munthu sangawalande, monga Woweruza wa dziko lonse, ndi monga Wosunga amene osainawo anamdalira. Malo awiri otsirizawo anaonjezedwa ndi Congress. Motero anthu a zikhulupiriro zosiyana anapeza mau amene onse anakhoza kuwabvomereza. Jefferson anafika pa mfundo ya ufulu poyenda njira ya nzeru za anthu ophunzira. Witherspoon anafikapo poyenda njira ya Buku Lopatulika ndi mbiri ya mpingo wace, ngakhale nayenso anawerenga mabuku a anzeruwo.

MTENGO WA UFULU

Sipanapite nthawi, nkhondo inafika pakhomo pace. M'mwezi wa November 1776 anatseka sukulu nabalalitsa anyamata, cifukwa asilikali a mfumu anali pafupi. Iwo analowa m'nyumba yaikulu ya sukulu, yochedwa Nassau Hall, naisandutsa malo ao ogona. Pa 3 January 1777 George Washington anawagonjetsa pa nkhondo ya ku Princeton, koma nyumbayo inaonongeka ndi mizinga, ndipo mabuku ambiri anatayika. Coposa zonsezi, pa 4 October 1777 mwana wace wamwamuna, James, anaphedwa pa nkhondo ya ku Germantown.

Ngakhale anali ndi cisoni cotere, anakhalabe m'Congress kufikira caka ca 1782, kupatula nthawi yocepa. Anatumikira m'makomiti oposa 100, a za nkhondo, a za ndalama ndi a za maiko akunja, ndipo anali kubvala zobvala zace za ubusa m'msonkhanomo. Anasainanso pangano loyamba logwirizanitsa maiko 13 aja. M'caka ca 1783 Britain inabvomereza ufulu wa America m'pangano la ku Paris. Witherspoon anaoloka nyanja kukapempha ndalama zokonzera sukulu, koma mitima ya anthu a ku Britain inali isanapole, ndipo anabwerako wopanda kanthu kweni kweni.

BANGA LA UKAPOLO

Pali cinthu cimodzi cimene mbiri yoona siingabise. Pamene kalata ija inali kunena kuti anthu onse analengedwa olingana, m'maiko 13 aja munali akapolo pafupifupi 500,000 ocokera ku Africa kapena obadwa kwa makolo a ku Africa, ndiko kuti munthu mmodzi mwa anthu asanu ali onse.

Witherspoon anakomana ndi nkhani imeneyi kangapo. Ku Beith, m'caka ca 1756, anabatiza kapolo wochedwa Jamie Montgomery, amene mbuye wace anamtenga ku Virginia. Mbuyeyo atafuna kumbweza ku America, Jamie anathawa, koma anagwidwa, namwalira m'ndende ku Edinburgh mlandu wace usanaweruzidwe. M'caka ca 1774, ku Princeton, Witherspoon anaphunzitsa amuna awiri a ku Africa amene anali ataomboledwa ku ukapolo, Bristol Yamma ndi John Quamine, amene anali kukonzekera kubwerera ku Africa kukalalikira. Nkhondo ndiyo inaononga ulendo wao. M'maphunziro ace anali kunena kuti nkosaloleka kugwira anthu osalakwa ndi kuwalanda ufulu. Koma iye mwini anali ndi akapolo pa munda wace wa Tusculum, ndipo pa imfa yace awiri analembedwa pamodzi ndi katundu wace. M'caka ca 1790 anatsogolera komiti ya Nyumba ya Malamulo ya ku New Jersey imene inati sikufunika lamulo latsopano lomasula akapolo, poganiza kuti ukapolo udzatha wokha posacedwa.

Ukapolo sunathe wokha. New Jersey inayamba kumasula akapolo pang'onopang'ono m'caka ca 1804, ndipo m'dziko lonse la United States ukapolo unatha m'caka ca 1865, itatha nkhondo yoopsa ya paciweniweni. Anthu akuda a nthawi ya Witherspoon anaona msanga cimene akuluakulu aja sanafune kuona. Mmodzi wa iwo, Lemuel Haynes, amene anali msilikali ndipo pambuyo pace anakhala mbusa, analemba kuti ngati ufulu ucokera kwa Mulungu, ndiye kuti munthu wakuda ali nao mofanana ndi mzungu. Mfundo yomwe Witherspoon anaigwiritsa nchito pokana mfumu, yakuti munthu wocimwa asapatsidwe mphamvu yonse pa mnzace, inali kutsutsa mwini kapolo ali yense, ndi iye yemwe.

MASIKU ACE OTSIRIZA

Nkhondo itatha anabwerera ku nchito yomanganso sukulu. M'caka ca 1787 anali m'msonkhano wa ku New Jersey umene unabvomereza malamulo akulu a dziko latsopanolo. Wophunzira wace uja, James Madison, ndiye anagwira nchito yaikulu powakonza, ndipo mphamvu za boma zinagawidwa patatu kuti ina iletse inzace. Madison yemweyo anatsogolera kulemba malamulo oonjezera amene anakhazikika m'caka ca 1791. Loyamba la iwo liletsa boma la dziko lonse kukhazikitsa mpingo wa boma kapena kuletsa munthu kupembedza monga afuna. M'caka ca 1809 Madison anakhala Pulezidenti wacinai wa United States.

M'mwezi wa May 1789 mpingo wa Presbyterian wa ku America unacita msonkhano wace waukulu woyamba ku Philadelphia, ndipo Witherspoon ndiye analalikira potsegula. Caka comweco mkazi wace Elizabeth anamwalira, ndipo m'caka ca 1791 anakwatira Ann Dill. Pa zaka zace zotsiriza maso ace anacita khungu, koma sanaleke kulalikira. Anali kumgwira dzanja kupita naye pa guwa, ndipo iye anali kunena za pamtima. Anamwalira pa 15 November 1794 pa munda wace, ali ndi zaka 71, naikidwa m'manda a ku Princeton pamodzi ndi akulu a sukulu amene anamtsogolera.

Ana inu, moyo wa munthu uyu utiphunzitsa kuti cikhulupiriro cikhoza kulimbitsa munthu kunena zoona pamaso pa amphamvu, ngakhale atayepo nyumba, mbiri yabwino ndi mwana. Utiphunzitsanso kuti nkwapafupi kuona goli liri pa khosi lako, koma nkobvuta kuona goli limene iwe waika pa khosi la mnzako. Amene afuna ufulu cifukwa unacokera kwa Mlengi ayenera kuufunira anthu onse amene Mlengiyo anawalenga.

MAFUNSO

1. Kodi mpingo wa Presbyterian uweruzidwa bwanji? Nanga mwambo umenewu unathandiza bwanji maganizo a Witherspoon pa za boma?
2. Cifukwa ninji anthu a ku America anakana misonkho ya ku London?
3. Fotokozani umo Akristu anasiyanirana pa kumva kalata ya Paulo kwa Aroma, mutu 13.
4. Chulani mfundo zitatu za ulaliki wa pa 17 May 1776.
5. Kodi Witherspoon anataya ciani cifukwa ca nkhondo?
6. Lembani mizere khumi yofotokoza kusiyana kwa mau a Witherspoon ndi macitidwe ace pa nkhani ya ukapolo.
7. Pezani Scotland, nyanja ya Atlantic ndi mzinda wa Philadelphia pa mapu.